Makina omanga khoma ndi simenti akungotsekeka payipi

Funso: Amisiri, ndine wophunzira zomangamanga muno mu Harare, ndimakhala ku Mufakose. Pa kafukufuku wathu tikugwiritsa ntchito kamakina ka 3D kofinya matope a simenti mzere pamwamba pa mzere mpaka kakhoma kukwera. Pakangopita mphindi zochepa payipi imatsekeka. Tikawonjezera madzi matope amatuluka, koma mizere ya pansi imaphwasuka. Kodi pampu yatha?

Yankho: Pampuyo isiyeni kaye, achimwene. Ndi mchenga.

Ndikudziwa munagula wa pa lole, wotchipa uja, n'kungothira osasefa. Womanga njerwa akaona kamwala amakachotsa ndi chala, koma makina alibe chala. Timiyala titatu tikakumana pakamwa pa nozzle, kansonga kotulukira matope kaja, ntchito yaima. Sefani ndi sefa ya mamilimita 2, ndipo zotsala pamwamba muzione ndi maso anu: timiyala, mizu, nthawi zina ndi zidutswa za botolo zomwe. Zimenezi ndizonso zimadya labala wa m'kati mwa pampu, kenaka mukagula labala wachabechabe, mwezi osatha wathanso.

Mukasefa musathamangire kusakaniza. Yezani kilogalamu imodzi ya mchengawo, muukazinge m'chiwaya pa mbaula ngati mtedza mpaka uume gwa, muuyezenso. Sikelo ikaonetsa magalamu 950, ndiye kuti magalamu 50 anali madzi amene mwakhala mukuthira osadziwa. Mchenga wa m'mawa ndi wa masana mulu womwewo sufanana, n'chifukwa chake matope a dzulo anayenda, a lero akukana. Ine izi ndimachita tsiku lililonse lomwe ndikusakaniza, anthu n'kumandiseka kuti ndikuphika chiyani.

Zothira madzi ndi botolo payipi ikatseka lekani, mukufooketsa khoma. Matope akalimba pali mankhwala ofewetsa, superplasticiser. Sukulu ya ku Salima imene kampani ya 14Trees inamanga motere mu 2021, makoma ake anatha m'maola 18 okha, matope ake anali opangidwira makinawo mwapadera.

Zina n'zodziwika. Yambani ndi phala la simenti ndi madzi kuti payipi iterere m'kati. Dzuwa la Okutobala lino musaisiye pamtetete, matope amauma msanga. Magetsi akathima, musadikire kuti mwina abwera posachedwa: masulani payipi, tsukani nthawi yomweyo.

Mukasefa n'kutsekabe, mundiuze kukula kwa nozzle ndi kutalika kwa payipi yanu.