Bondo linavulala ku usilikali, msana wayamba pambuyo pake: kodi VA ingalipire?

Mayi wina amene amakhala ku Texas wanditumizira funso pa imelo. Amuna awo anali msilikali wa dziko la America ndipo anavulala bondo lakumanja ali pa ntchito, moti unduna woona za asilikali opuma, wotchedwa VA, umawapatsa ndalama mwezi ndi mwezi chifukwa cha bondolo. Tsopano msana ukuwapweteka, m'mimba namonso mwavuta, koma bambowo akukana kukapempha thandizo lina poti matendawa ayamba iwo atavula kale yunifolomu.

Amayi, pamenepa bambo akudzimana okha. Lamulo la VA lotchedwa 38 CFR 3.310 limanena kuti matenda amene abwera chifukwa cha chilema chimene VA inavomereza kale amawerengedwanso ngati a ku usilikali, ngakhale ayambe patapita zaka zambiri. Munthu wotsimphina amalemetsa mbali imodzi ya thupi, ndipo m'kupita kwa nthawi msana, chiuno kapena bondo linalo zimatha kuwonongeka. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen, akamwedwa kwa nthawi yaitali, amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba. Kuchokera pa chigamulo cha khoti cha 1995 pa mlandu wa Allen v. Brown, ngakhale matenda amene anayamba paokha amawerengedwa ngati chilemacho chawakulitsa, kungoti VA imalipira gawo lokhalo limene lawonjezeka, choncho pamafunika mapepala akale a kuchipatala osonyeza mmene matendawo analili poyamba.

Chimene chimagwetsa mapempho ambiri si kusowa kwa ululu ayi, koma kusowa kwa dokotala wolumikiza matenda awiriwo polemba. Choyamba msanawo upimidwe, nthendayo ipatsidwe dzina m'mabuku a chipatala. Kenaka dokotala alembe kalata imene asilikali opuma amaitcha nexus letter, yonena kuti wawerenga mbiri yonse ya bondolo, ndi yofotokoza mwatsatanetsatane mmene kutsimphinako kwavulazira msana. Kalata yongoti mwina bondo ndilo layambitsa vutoli ilibe mphamvu, chifukwa liwu loti mwina ndi longoganizira chabe. Muyezo wa VA ndi wakuti mwayi woti bondo ndilo lachititsa ukhale theka kapena kuposa, ndipo umboni wa mbali ziwiri ukalingana, lamulo limati msilikaliyo ndiye apindule. Ine ndimaona kuti muyezo umenewu ndi wofewa kuposa mmene anthu amauopera, koma dokotala amene sanauzidwe za iwo sangaulembe. Inunso amayi mukhoza kulemba umboni wanu pa fomu 21-10210, wonena za mayendedwe a bambo ndi nthawi imene msana unayamba kuwavuta, pakuti zimenezo mwaziona ndi maso anu.

Pempho lenilenilo limapita pa fomu 21-526EZ. Ngati mapepala sanakwane, yambani mwatumiza fomu 21-0966, imene imakusungirani tsiku kwa chaka chimodzi kuti malipiro adzawerengedwe kuchokera pamenepo. VA ikaitana bambo kukapimidwa, asaphonye, ndipo asakalimbe mtima ngati ali pa perete. Akafotokoze mmene zimakhalira pa tsiku limene ululu wakula.

Za ndalama, musayembekezere kuti maperesenti amene VA imayezera nawo kukula kwa chilema chilichonse amangophatikizidwa. Ngati bondo lili pa 30 peresenti ndipo msana wapatsidwa 20, VA imatenga 20 peresenti ya 70 yotsalayo, imene ndi 14, zonse pamodzi n'kukhala 44, ndipo chiwerengerocho amachitsitsa kufika pa 40.

Pempho likakanidwa, werengani bwino chifukwa chimene alemba m'kalatayo, popeza ndicho chimasonyeza njira yoyenera mwa zitatu zimene zinakhazikitsidwa mu 2019. Ngati chasowa ndi umboni, tumizani pempho lowonjezera lotchedwa Supplemental Claim pamodzi ndi umboni watsopano. Ngati umboni unalipo koma sunawerengedwe bwino, pemphani kuti wamkulu wina wa ku VA aunikenso pempholo, zimene amazitcha Higher-Level Review, kapena kadandauleni ku bungwe lomva madandaulo a asilikali opuma lotchedwa Board of Veterans' Appeals. Chitani zimenezi chaka chisanathe kuchokera pa tsiku la kalatayo kuti tsiku loyambira malipiro lisatayike. Mabungwe a asilikali opuma monga DAV, VFW ndi American Legion ali ndi anthu ovomerezeka ndi VA amene amathandiza kulemba mafomu onsewa kwaulere, choncho bambo ayambire kumeneko asanalipire munthu aliyense.