Zoyenera kugula m'sitolo yotchipa

Mwafunsa za zakudya ndi zakumwa zoyenera kugula m'sitolo yaikulu yogulitsa motchipa. Ndikukulangizani kuyamba ndi zinthu zokhalitsa, monga mpunga, nyemba zouma, mafuta ophikira ndi tomato wa m'chitini, makamaka zolembedwa dzina la sitoloyo, popeza nthawi zambiri zimatsika mtengo chifukwa sizitsatsidwa kwambiri, osati chifukwa ndi zosalongosoka. Ndiwo zamasamba zouma ndi kuzizira mufiriji ndimazikhulupirira kwambiri, pakuti amaziziziritsa mpaka kuuma zitangokololedwa kumene, ndipo michere yake yambiri imasungika. Pa zakumwa, tiyi ndi mkaka wa UHT (wotenthetsedwa kwambiri kuti ukhalitse) sizikhumudwitsa, koma juwisi muyambe mwawerenga ngati ndi wa zipatso zokhazokha, chifukwa wina amachuluka madzi ndi shuga. Yerekezerani mitengo pa kilogalamu, ndipo nyama muone tsiku lake lothera musanaiike m'basiketi.