Anandichotsa ntchito pa WhatsApp, kodi malipiro anga ndiwapeza bwanji?

Bambo ena a ku Bangwe atilembera kuti agwira ntchito yosunga katundu kwa zaka 7 pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe, ndipo amalandira K260,000 pamwezi. Matumba a simenti atasowa, abwana anawatumizira uthenga pa WhatsApp woti asadzapondenso pamalopo. Sanawaitane kuti afotokoze mbali yawo, malipiro a mwezi womaliza anawagwira, ndipo papita miyezi iwiri. Akufunsa ngati khoti lingalamule kampaniyo kuti iwalipire miyezi yonse imene akhala pakhomo.

Bambo, akuluakulu amati mlandu suwola, koma pankhani ya ntchito mawu amenewa musawadalire. Gawo 62 la Employment Act ya chaka cha 2000, lamulo loona za ntchito, limakupatsani miyezi itatu, kuwerenga kuyambira tsiku lomwe anakuchotsani, kuti mukadandaule ku ofesi ya leba ya m'boma lanu. Iwiri yapita kale. Pitani sabata ino, ndipo onetsetsani kuti dandaulo lanu lalembedwa m'buku ndi deti lake. Ambiri amachedwa chifukwa abwana amangowauza kuti "bwerani Lachisanu tikambirane", Lachisanu n'kumabwera, n'kumapita.

Mmene mwafotokozeramu, mlandu muli nawo. Gawo 57 limafuna zinthu ziwiri munthu asanachotsedwe ntchito: chifukwa chomveka, chokhudza khalidwe lake, kagwiridwe kake ka ntchito kapena mmene kampani ikuyendera, komanso mwayi woti ayankhe pa zimene akumunenera. Kuba ndi chifukwa chomveka ndithu, ndipo kampani siyenera kudikira kuti apolisi ndi khoti akupezeni olakwa. Koma kukayikira chabe si umboni, ndipo ngakhale munthu wogwidwa thumba lili paphewa amayenera kumvedwa kaye. Inu sanakumveni. Chinanso chokuthandizani ndi gawo 61, lomwe limati wolemba ntchito ndiye ayenera kuonetsa chifukwa chimene anakuchotserani. Akalephera, khoti limatenga kuti anakuchotsani mopanda chilungamo. Si inu woti mutsimikize kuti simunabe.

Tsono tifike pa ndalama, chifukwa apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Zimene mukuzitcha malipiro anu otayika, lamulo silizitenga ngati chinthu chimodzi. Pali ndalama zimene munazigwirira kale ntchito, ndipo pali ndalama zobwera chifukwa choti anakulakwirani. Zoyambazo n'zanu ngakhale khoti litapeza kuti kampani inachita bwino kukuchotsani: malipiro a mwezi womaliza aja, ovataimu ngati ilipo, ndi masiku a tchuthi amene simunapite. Wogwira masiku 6 pasabata ali ndi masiku 18 a tchuthi pachaka, wogwira masiku 5 ali ndi 15. Gawo 53 limati zonsezi ziperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Kudula malipiro a munthu kuli ndi malire ake, ndipo abwana sangagwire mwezi wonse pongoganiza kuti simentiyo inapita ndi inu.

Zinazo zimadalira kuti khoti lapeza kuti anakuchotsani molakwika. Popeza mumalandira pamwezi, amayenera kukupatsani notisi ya mwezi umodzi kapena ndalama zake, K260,000. Palinso severance allowance, ndalama yowerengedwa potengera zaka zimene munthu wagwira ntchito, yomwe kuyambira pamene lamuloli linasinthidwa mu 2010 imaperekedwa kwa ochotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena ochotsedwa mopanda chilungamo basi. Amawerenga malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu cha zaka 5 zoyamba, masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi kupitirira apo. Malipiro anu a chaka tikawagawa m'masabata 52, sabata imodzi ndi K60,000. Zaka 5 zikupatsani masabata 10, ziwiri zotsalazo masabata 6, onse pamodzi 16, kutanthauza K960,000.

Funso lanu lenileni lagona pa gawo 63. Khoti likhoza kulamula kuti mubwezeretsedwe pa ntchito yanu yomwe ija, ndipo zikatero mumatengedwa ngati simunachokepo n'komwe, choncho malipiro a miyezi imene munakhala pakhomo amabwera. Likhozanso kulamula kuti akulembeni ntchito ina yofanana nayo, kapena kuti akupatseni chipukutamisozi. Maganizo anga ndi oti musaike mtima pobwerera. Anthu amene anakutchulani wakuba, ndipo inu mwawakokera kukhoti, n'zovuta kuti mawa akupatseninso makiyi a kosungira katundu, ndipo khoti nalo limaona zimenezi. Milandu yambiri yotere imathera pa chipukutamisozi.

Chipukutamisozichi lamulo linachiikira poyambira, malire a pamwamba silinaike. Wogwira zaka zosapitirira 5 asalandire zochepera malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse, wopitirira 5 mpaka 10 masabata awiri, wopitirira 10 mpaka 15 masabata atatu, wopitirira 15 mwezi umodzi. Kwa inu ndi masabata 14, K840,000. Mukaphatikiza ndi notisi, severance allowance ndi mwezi womaliza uja, zikukwana K2,320,000, osawerengera tchuthi. Khoti lili ndi mphamvu yopereka zoposa K840,000 ngati laona kuti n'zachilungamo poyerekeza ndi zimene mwataya, ndipo miyezi imene mwakhala osalandira kanthu imalowera pamenepa. Koma silingowerenga miyezi n'kuchulukitsa ndi malipiro, ndiponso musamvere amene akukuuzani kuti kampani idzakulipirani mpaka zaka zopumira ntchito. Zimene mwataya muyenera kuzionetsa.

Apa ndikhalitsepo, chifukwa anthu amapambana mlandu n'kutuluka ndi ndalama zochepa. Khoti limafunsa ngati munayesetsa kufuna ntchito ina. Mukangoyankha kuti "ntchito zikusowa m'Malawi muno", zoona ndithu, koma loya wa kampani adzati munangokhala manja lende kudikira chigamulo. Kuyambira lero, kalata iliyonse yofunsira ntchito musiyeko kope. Lembani m'kabuku tsiku, malo ndi yankho limene munalandira. Ngati kwina anakukanani atamva nkhani ya simentiyo, umenewo ndi umboni wamphamvu kwambiri. Mukapeza ntchito ya malipiro ochepa kapena mukayamba kabizinesi, musabise. Nenani zimene mukupeza, khoti lione kusiyana kwake. Onetsaninso zina zimene mumapeza pantchitopo, monga alawansi ya nyumba kapena thandizo la kuchipatala. Mlandu ukatenga zaka, mungapemphe khoti kuti liganizire kugwa mphamvu kwa kwacha, monga zinachitikira mu November 2023 pamene inatsika ndi 44 peresenti.

Dziwaninso kuti khoti limayang'ana ngati inuyo munasonkhezerako moto. Ngati zitapezeka kuti buku la katundu simumalemba bwino, kapena mumabwereketsa makiyi kwa aliyense, chipukutamisozi chikhoza kutsika ngakhale kampani inalakwitsa posakumvani. Loya wanu kapena a leba muwauze zoona zonse poyamba pomwe, zisakatulukire m'khoti.

Ndondomeko yake siyovuta. A leba adzaitana kampani kuti mukambirane. Pakatha mwezi osamvana, nkhani ikhoza kupita ku Industrial Relations Court, khoti loona za ntchito, ndipo kwa inu lapafupi lili ku Blantyre komweko. Tengani kalata yochokera ku leba yosonyeza kuti zokambirana zakanika. Kukhoti mudzalemba fomu yotchedwa IRC Form 1, ndipo mulembemo dandaulo lililonse palokha ndi ndalama zake, osangoti "ndikufuna malipiro anga". Kampani ikalandira fomuyo imakhala ndi masiku 14 oti iyankhe. Ikapanda kutero mungapemphe chigamulo iyo palibe. Mlandu usanamvedwe pamakhala kukumana koti mbali ziwiri zione pamene zikugwirizana ndi pamene zikutsutsana. Kawirikawiri khoti limayamba lagamula ngati kampani inalakwa, kenako n'kuika tsiku lina lowerengera ndalama, ndipo kabuku kanu kaja kadzagwira ntchito tsiku limenelo. Mungathe kudziyankhulira nokha, ndipo ngati mukufuna loya koma thumba silikulola, kaonaneni ndi a Legal Aid Bureau. Khotili nthawi zambiri sililamula wogonja kulipira ndalama zimene mnzake wawononga pamlandu. Izi zikutanthauza kuti mukagonja simudzalipira loya wa kampani, komanso mukapambana loya wanu mudzamulipira nokha, choncho gwirizanani za mtengo musanayambe.

Wosakhutira ndi chigamulo ali ndi masiku 30 ochita apilo ku High Court, koma pa mfundo za lamulo kapena za mphamvu za khoti zokha. Kampani ikangokhala chete osalipira, mumabwerera kukhoti kukapempha chilolezo choti masherifu akagwire katundu wake.

Mlandu ukhoza kutenga nthawi, ndiye kumvana kunja kwa khoti si kugonja ayi. Chimene ndikukuletsani n'kusaina mofulumira. Makampani ena akaona kalata ya a leba amaitana munthu n'kumupatsa malipiro a mwezi womaliza, pamodzi ndi pepala lonena kuti walandira zonse ndipo sadzadandaulanso. Mwezi womalizawo ndi wanu kale, sakukuchitirani chifundo. Pepala lotere pitani nalo kaye kwa a leba kapena kwa loya, ndipo ndalama iliyonse imene akutchula muiyerekeze ndi K2,320,000 ija.

Popita ku leba tengani kalata imene anakulemberani ntchito, mapepala a malipiro kapena sitetimenti ya kubanki, ndi uthenga wa pa WhatsApp uja. Uthengawo muusindikize pooneka nambala ndi deti, foni imatayika. Funsaninso ku kampani yosunga penshoni yanu ngati ndalama zimalowa mwezi ndi mwezi, 10 peresenti ya abwana ndi 5 peresenti imene amakudulani. Ngati pali miyezi imene sizinalowe, ilembeninso pa dandaulo lomwelo.