Kuyankhula pa msonkhano ndi kuchititsa wekishopu si chimodzi

Achimwene, mwafunsa ngati kukayankhula pa msonkhano waukulu wa alimi a kachewere ku Ntcheu n'chimodzimodzi ndi kuwachititsa wekishopu, poti mukufuna kuwatchulira mtengo umodzi wokulipirani pa ntchito ziwirizi. Ayi ndithu, musatero.

Woyankhula wamkulu amapatsidwa mphindi 30 mpaka ola limodzi, anthu mazana atakhala chete. Amanyamula mfundo imodzi yoti anthu abwerere nayo kwawo, tinene chifukwa chimene alimi a ku Tsangano ayenera kugulitsira pamodzi m'malo moti aliyense azikanganirana yekha ndi mavenda pa Lizulu. Apa pamafunika mawu okoka mtima, basi.

Wekishopu ndiye thukuta. Anthu amakhala ochepa, 20 kapena 30, tsiku lathunthu mwinanso awiri. Inu mumayankhula pang'ono, iwo ndiwo amagwira ntchito. Mumawagawa m'magulu, n'kumawerengera nawo mtengo wa feteleza, mbewu ndi aganyu pa ekala. Wina akasochera pa masamu, mumabwerera naye mpaka amve. Kukonzekera kwake kumadya masiku, ndipo mufunsiretu kuti mapepala ndi zolembera agula ndani.

Ngati mukungoyamba kumene, ine ndingati yambani ndi mawekishopu. Okonza misonkhano ikuluikulu amakonda kuitana munthu wa dzina lodziwika kale.