Chisoni cha M'filimu Chimayambira pa Chitenje

Mnyamata wina wa ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, wanditumizira imelo. Akujambula filimu yaifupi ya mwana wa mlimi wa mbatatesi amene akusiya mayi ake n'kupita kukafuna ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, ndipo akufunsa fyuluta (chosinthira mitundu ya zithunzi) yomwe angaike kuti oonera agwidwe chisoni.

Achimwene, fyuluta yotero musaifune, chifukwa nkhani yanu yakupatsani kale mitundu iwiri. Ku Angónia kumapiri n'kozizira ndipo m'dzinja kumabiriwira, pamene kumunsi ku chigwa cha Zambezi mu Okutobala udzu umakhala utauma, malambe atayoyoka masamba, fumbi ndi utsi wa lupsa zitaphimba dzuwa. Mukajambula zochitika za kumudzi minda ili yobiriwira, kenaka za ku Moatize m'chilimwe, maso a woonera adzamva okha kuti mnyamatayo wataya chinachake, ngakhale wosewera asanatsegule pakamwa.

Kenaka ganizirani zovala. Mayiwo avale chitenje chofiira powayi m'zochitika zoyambirira, ndipo chofiiracho chisaonekenso paliponse mpaka tsiku limene mwana wawo adzatsegule chikwama m'chipinda cha lendi n'kupeza kuti anamukulungira ufa m'chitenje chomwecho. Steven Spielberg anachita zofanana mu filimu yake ya Schindler's List ya 1993, pomwe chikhoti chofiira cha kamtsikana chimaoneka pakati pa zithunzi zakuda ndi zoyera. Koma musamuveke mayiyo nsalu yakuda chifukwa choti ikukongola pa kamera, pakuti kwathu kuno anthu adzayamba kufunsana kuti wamwalira ndani.

Kuwala nakonso kuli ndi mtundu wake. Kwa dzuwa la masana kumawerengedwa pafupifupi 5600 K (K ndi Kelvin, muyeso wa mtundu wa kuwala), pamene kwa babu lakale la m'nyumba kumakhala pafupifupi 2700 K ndipo kumapita ku chikasu. Mukaisiya kamera kuti izisankha yokha white balance (kusintha mitundu kuti choyera chizioneka choyera), nkhope imodzimodziyo idzasintha maonekedwe pakati pa chiganizo, choncho ikhazikitseni nokha musanayambe kujambula.

Pa kompyuta, pulogalamu yaulere yokonzera mafilimu ya DaVinci Resolve ndi yokwanira, bola mugwire dzanja. Ineyo ndinathirapo buluu wambiri pa zochitika za maliro, ndipo osewera anga onse anatuwa ngati adzola phulusa, moti oonera anaseka. Khungu lakuda limafuna kuti muyambe mwalikonza ilo, kenaka muzisuntha mitundu ya kumbuyo pang'onopang'ono, uku mukuonera pa foni yotchipa, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri a ku Tsangano ndi ku Furancungo adzaonere filimu yanuyo.