Kodi ndi "died with" kapena "died of"?

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Ine Chingerezi ndimayesetsa ndithu koma timawu tija ta of, from, with ndi for timandizunguza mutu ndikafuna kunena chifukwa cha chinthu. Tsiku lina ndinalemba kuti "my grandfather died with malaria", aphunzitsi anangodula with nkulemba of pamwamba osandifotokozera. Nanga si with ndiye "ndi"? Ndithandizeni chonde. Ndine wophunzira wanu wokhulupirika.

YANKHO: Aphunzitsi anu sanalakwitse ayi, koma inunso maganizo anu akumveka. Nkhani yagona pa kamawu kathu ka "ndi". Ife timati anamwalira ndi malungo, akunjenjemera ndi mantha, watopa ndi ntchito, kamodzi komweko kakukwanira paliponse, ndiye munthu ukamalemba Chingerezi dzanja limangothamangira ku with. Chingerezi ntchito imeneyi chinaigawira timawu tingapo.

Mukati "died with malaria" eni chiyankhulo amva kuti agogo anali ndi malungo pa nthawi imene ankamwalira koma mwina chinawatenga ndi china. Ngati anawapha ndi malungowo, nenani "died of malaria". Matenda, njala, ukalamba, zonsezi ndi of. From amakonda kubwera pamene munthu anavulala kaye, monga "died from his injuries", ngakhale pawiri apa anthu amasinthanitsa ndipo palibe angakudzudzuleni kwenikweni.

With ali ndi malo ake, makamaka pamene thupi likuchita kuonetsa zomwe zili mkati: "shaking with fear", "shivering with cold". Apa "ndi" wathu ndi with agwirizana bwinobwino, nchifukwa chake timapusitsika nkumaganiza kuti agwirizana paliponse. Koma chikakhala chamumtima chimene chakukankha kuchita kanthu, ndi out of: "she did it out of jealousy". For ndi wa chilango, kuthokoza ndi kutchuka, "punished for lying", "famous for singing".

Pamene ine pamandidetsa nkhawa kwambiri ndi pa tired, chifukwa apa tanthauzo limatembenukiratu. "Tired from work" ndiye kuti thupi lalema ndi ntchito, mukagona mudzuka muli bwino. "Tired of work" ndiye kuti ntchitoyo yakukwanani simukuifunanso. Tangoganizani kuwalembera abwana anu yachiwiriyi pamene mumangofuna tsiku limodzi lopuma!

China chomwe simunafunse koma ndimachiona kawirikawiri ndi "because of he was sick". Because of amatsatidwa ndi dzina, "because of illness", pamene because payekha amafuna chiganizo chathunthu, "because he was sick". Due to ndi owing to nawonso amafuna dzina.

Mukapeza mawu atsopano mudikishonale musamalembe okha, muzilemba pamodzi ndi kamnzake, suffer from, die of, blame for, nkumawatchula mokweza mpaka khutu lizolowere.