Uphungu wa ana ogwiriridwa si wa maanja ayi

Achemwali, mwafunsa ngati maphunziro a uphungu wa maanja omwe munachita ku tchalitchi akukwanira kuthandizira ana ogwiriridwa. Ayi ndithu, za ana ndi zina. Kafunseni ku koleji ya zaumoyo ya St John of God ku Mzuzu, amaphunzitsa psychosocial counselling (uphungu wothandiza anthu pa zamaganizo ndi kakhalidwe), mukaphunzira kuti mwana sumupanikiza ndi mafunso ngati wapolisi, umangomupatsa pepala ndi makrayoni azijambula mpaka ayambe yekha kuyankhula, ena sanena kanthu koma amayamba kukodza pogona kapena kuopa munthu wina wake pakhomopo. Komanso musamulonjeze kuti mubisa, nkhaniyo iyenera kukafika ku Victim Support Unit, ofesi ya kupolisi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Zikangochitika kumene thamangirani naye kuchipatala pasanathe maola 72 akalandire PEP (mankhwala oteteza kuti asatenge HIV), kapena imbani 116, nambala yothandiza ana, ndi yaulere.